Ndinapempha ndekha kuti apolisi abwere, anadzatenga mlongo wanga

Pamsonkhano wa kwa amfumu uja, amene anakweza mawu kuposa aliyense ndinali ine. Ndiyambire pomwepo, chifukwa ndikabisa zimenezi nkhani yonseyi ipendekeka. Ndinaimirira, ndikumangitsa chitenje m'chiuno, n'kuloza kumtsinje komwe anyamata amasonkhana dzuwa likapendeka, ndipo ndinati: "Amfumu, ife tatopa. Apolisi abwere adzawatole onse, asasiye ndi mmodzi yemwe." Azimayi anaimba nthungululu. Ndinakhala pansi mtima uli mbee, ndikudziona ngati ndapulumutsa mudzi.

Sikuti ndinkayankhula zopanda mutu. Ndimagulitsa kaunjika ku Limbe, ndipo tsiku lotsegula belo la zovala ndimanyamuka kunyumba kusanache. Pakamlatho kathu andilandapo foni kawiri, ulendo wachiwiri atandionetsa chikwanje. Mwana wa aneba athu, yemwe anali wanzeru kusukulu, anayamba kuyenda akuyankhula yekha mpaka anamutengera ku Zomba atamumanga manja ndi chitenje cha mayi ake. Choncho musayembekezere kuti ndiikira kumbuyo chamba. Ndachiona chikudya ana. Dera lathu sindilitchula. Ndi la m'munsi mwa phiri, ndipo mapiri mu Blantyre muno ndi ambiri, sankhani lomwe mukufuna.

M'nyumba mwanga ndinkakhala ndi mlongo wanga, chitsiriza cha amayi, wa zaka 22. Ndamulera ine kuchokera pomwe bambo athu anatisiya, amayi n'kubwerera kumudzi ku Chiradzulu. Ankaphunzira kuwotcherera zitsulo pashopu ya bambo wina wa kumpingo kwathu, ndipo anali atayamba kupanga mafelemu a mawindo oti munthu n'kugula osanyinyirika. Kodi ndinkadziwa kuti amasuta? Ndinkadziwa. Maso ofiira aja, kuseka zosaseketsa, kumaliza mphika wa nsima yekha usiku. Ndinkangodzinamiza kuti ndi utsi wa kuwotcherera. Pamene ndinkanena kuti "onse" pamsonkhano paja, m'mutu mwanga munali ana a eni.

Apolisi anabwera Lachisanu lina mu June, usiku wa chiperoni, cha m'ma 9 koloko. Galimoto ziwiri, ndi anyamata achitetezo a m'dera mwathu akutsogolera njira, zibonga m'manja. Kumtsinje anapezako anthu ochepa chifukwa kunkazizira. Ndiye anatembenukira kumsika: pamalo oonetsera mpira, pa pulu, pa chiwaya cha tchipisi, aliyense wooneka wachinyamata anamukweza. Amene wathawa ndiye kuti ndi wolakwa, amene waima ndiye kuti wagwidwa. M'gulumo munali ana awiri a Folomu 4 ochokera kowerenga, mlonda wopita kuntchito chikwama cha nsima chili m'manja, ndi bambo wina yemwe anatuluka kukagulira mwana wake Panado. Kwa agogo ena omwe amalera zidzukulu anathyola chitseko, n'kung'amba matiresi ndi mpeni pofuna chamba. Sanapeze kanthu, sanaonetse chikalata chilichonse, ndipo ndalama ya lendi yomwe agogowo anabisa m'matiresimo sinaonekenso.

Mlongo wanga anamupeza poonera mpira. M'sokisi mwake munali kampukutu kamodzi, kosakwana chala changa chaching'ono. Sanali woyera ayi.

Koma nyumba yomwe chamba chimachokera, yomwe ngakhale mwana wa Sitandade 3 akhoza kukulozerani, inali yotseka ndi loko. Mwini wake anali atanyamuka masana a tsiku lomwelo, ati kukaona odwala kumudzi. Chipikisheni chotere chili ngati kuwedza ndi neti ya udzudzu: mumakokolola tiana ta nsomba tosati n'kudya, kampango ali phee pansi pa mwala.

Loweruka m'mawa ndinali papolisi ndi kontena ya phala. Pakauntala anandiuza kuti mayina sanalembedwe onse, ndibwere Lolemba. Nditakakamira anandilola kusiya chakudya, ndipo ndinamuona pang'ono pachitseko cha chitokosi. Diso limodzi linali litatsekeka ndi kutupa, akuima ndi mwendo umodzi. Anangoti, "Achemwali, musawauze amayi." Fungo lochokera m'kachipindako sindingalifotokoze, anthu oposa 20 ndi chidebe chimodzi.

Potuluka, pansi pa mtengo panja pa mpanda, bambo wina wovala bwino anandipatsa moni ngati tikudziwana. Anati amadziwana ndi mabwana a m'katimo, nkhani ngati izi amazithetsa tsiku lililonse, ndipo ikafika kukhoti mwanayo akalowa zaka. Anatchula K150,000. Ine ndinali ndi K30,000 ya mpamba. Ndinathamangira kwa mayi wa katapila, n'kutenga K60,000 yoti ndidzabweze K90,000 pakutha pa mwezi, ndipo madzulo ndinamupatsa bamboyo zonse pamodzi, zotsalazo tinagwirizana kuti ndipereka mwana akatuluka. Lamulungu foni yake inkangoitana. Lolemba inali yozimitsa. Mpaka lero sindikudziwa ngati dobadobayo anagawana ndi wina wa m'kati kapena anadya yekha, ndipo ndinalibe koti n'kukadandaula, poti nanenso ndinali nditapalamula popereka chiphuphu. Mukadzaona munthu wokoma pakamwa pansi pa mtengo wa papolisi, gwirani chikwama chanu mwamphamvu n'kudutsa.

Amene ananditsegula maso anali wapolisi wamkazi, Lachiwiri, nditakhala pabenchi ndikulira. Anayang'ana uku ndi uku n'kunena motsitsa mawu: "Mayi, belo ya papolisi ndi yaulere. Ndipo masiku apitirira kale. Pitani mukafunse akuluakulu a pano kuti mwana wanu apita liti kukhoti, mufunse mwaulemu koma musachoke asanakuyankheni." Ndimamukumbukira mayi ameneyu ndikamamva anthu akunena kuti apolisi onse ndi amodzi. Si amodzi. Ena ntchito amaigwira movutika, galimoto ilibe mafuta, pepala lolembapo sitetimenti akuchita kupempha.

Zimene ankatanthauza ndinadzazimvetsa pambuyo pake. Gawo 42 la malamulo oyendetsera dziko lino limanena kuti munthu akamangidwa auzidwe chifukwa chake m'chiyankhulo chomwe amamva, auzidwe kuti ali ndi ufulu wokhala chete, asakakamizidwe kuvomera mlandu, aloledwe kuonana ndi loya komanso abale ake, alandire chithandizo cha mankhwala, ndipo afikitsidwe kukhoti pasanathe maola 48. Maolawo akathera pa tsiku lomwe khoti siligwira ntchito, apite tsiku loyamba lomwe khoti latsegula. Ndiye womangidwa Lachisanu usiku ayenera kuonekera Lolemba. Mlongo wanga anaonekera Lachinayi. Gawo 19 limaletsa kuzunza munthu kapena kumuchitira zomuchotsera ulemu, ndipo silinena kuti kupatula osuta chamba. Ine mayi wa zaka 40, wodziwa kuwerengera phindu la belo la zovala ndisanalitsegule, zonsezi sindinkazidziwa.

Chikhala kuti ndi lero, tsiku loyamba lomwelo ndikanagula kope la K500. Ndikanalemba ola lomwe anamangidwa, malo, amene anaona, dzina ndi nambala ya wapolisi wofufuza mlanduwo, katundu yemwe anamulanda (foni yake sinabwerenso), ndi mabala onse omwe ndinawaona. Ndikanapempha kuti apite kuchipatala mabalawo adakali auwisi kuti pakhale lipoti la dokotala. Ndipo sindikanapita ndekha. Mayi wolira yekha pakauntala samuwerengera. Atabwera amalume kuchokera kumudzi, atavala jekete lawo la kutchalitchi n'kufunsa mafunso omwewo mofatsa, mayankho anayamba kutuluka.

Koma chachikulu chinali chitachitika kale Lamulungu usiku. Anamutulutsa m'chitokosi, n'kumuika patsogolo pa pepala lolembedwa m'Chingerezi, amvekere saina uzipita kwanu. Iye sukulu analekera Folomu 2, ndipo ndi diso limodzi lotupa sakanawerenga n'komwe. Atazengereza anamumenya kumapazi. Anasaina. Kukhoti ndi komwe tinamva kuti pepalalo likunena kuti iye ndi anzake anayi anapezeka ndi jumbo yodzadza chamba, yomwe inatoledwa kumtsinje, komwe iye sanapondeko usiku umenewo. Uzani ana anu, ngakhale amene mukuwaona ngati angelo: osasaina chomwe sunawerenge kapena kuwerengeredwa m'Chichewa, ndipo ngati anakumenya kuti usaine, ukanene pamaso pa woweruza tsiku loyamba lomwelo, usaope yunifolomu yomwe yaima pambali pako.

Ena mwa omwe anatoledwa anali atatuluka kale mmodzimmodzi, aliyense ndi njira yake yomwe sankaifotokoza. Mlonda uja anatuluka Lolemba n'kupeza ntchito yatha, poti bwana wake sanafune kumva za chipikisheni. Atatu mwa asanu a jumbo aja anavomera mlandu kuti zithe msanga. Mlongo wanga anati, "Bwana, kanga kanali kamodzi, jumboyo si yanga." Khoti linalemba kuti waukana mlandu, ndipo poti panalibe amene anapempha belo m'njira yake, anapita ku rimandi.

Apa ndiye pamene ndinaphunzira kuti mlandu umayenda ngati kamba. Chamba chogwidwa chimatumizidwa ku Bvumbwe kuti akatswiri akatsimikize kuti ndi chamba, ndipo lipoti lake ndi umboni. Tsiku loyamba tinauzidwa kuti chinali chisanatumizidwe. Ulendo wachiwiri wapolisi wochitira umboni anali kumaliro. Wachitatu galimoto yotenga akaidi inalibe mafuta. Tsiku lililonse lotere ine benchi yanga ku Limbe yotseka, wakatapila akundiimbira.

Za kundende mlongo wanga safuna kukamba zambiri, ndimachita kutola pang'onopang'ono. Watsopano wopanda ndalama amagona pakati pa selo, pomwe amati pa shamba: mumakhala pansi mondondozana, wina pakati pa miyendo ya mnzake, mutu n'kutsamira pamsana wa amene ali kutsogolo, mpaka kuche. Malo a m'mbali mwa khoma, oti n'kutambasula miyendo, amagawa ndi anyapala, akaidi oyang'anira anzawo, ndipo sagawa ulere. Chakudya kamodzi patsiku, mgaiwa ndi nandolo. Ndinkapita kawiri pa sabata ndi ufa, sopo, shuga ndi kandalama ka malo ogona. Pofika sabata yachitatu thupi lonse linali mphere. Mnzake wina wa m'dera mwathu, yemwe amamwa ma ARV mobisa, anakhala masiku angapo osamwa ali m'chitokosi chifukwa ankachita manyazi kunena pagulu, ndipo kwawo sankadziwa n'komwe kuti amamwa. Ngati m'bale wanu ali pa mankhwala alionse, a shuga, a khunyu, a magazi, tengani buku lake la kuchipatala ndi mankhwalawo tsiku loyamba, muwapereke kwa wapolisi wapakauntala ndipo muone kuti walemba.

Boma likudziwa za kudzadza kwa ndendezi. Mu 2009, pamlandu wa mkaidi Gable Masangano, khoti linagamula kuti kuthithikana kotere pamodzi ndi kusowa kwa mpweya m'maselo ndi nkhanza zochotsa ulemu wa munthu, ndipo linapatsa boma miyezi 18 kuti lichepetse chiwerengerocho ndi theka. Mwana yemwe anabadwa chaka chimenecho pano ndi mnyamata wa ndevu zomera, ndipo tikuthirabe anthu m'maselo omwewo chifukwa cha kampukutu ka m'sokisi.

Chithandizo chinabwera kudzera mwa mayi wina yemwe ndinakumana naye pamzera wa pageti la ndende. Anandiuza za ma paralegal, anthu odziwa malamulo omwe si maloya koma amayendera ndende, polisi ndi makhoti, ndipo salipiritsa. A bungwe la PASI amagwira ntchito imeneyi, a CHREAA ali mu Blantyre momwemuno, ndipo boma lili ndi Legal Aid Bureau yoimira anthu osauka. Mtsikana yemwe anatithandiza anali wamng'ono kwa ine, koma anandikhazika pansi ngati mwana wa sukulu. Anandifotokozera kuti pamlandu wozengedwa kukhoti la majisitireti munthu sayenera kusungidwa pa rimandi masiku oposa 30 mlandu usanayambe, pokhapokha khoti litawonjezera masikuwo. Anati belo ndi ufulu, ndipo ndi a boma omwe ayenera kupereka chifukwa chomukanizira munthu. Anaphunzitsa mlongo wanga mawu oti akanene yekha pamaso pa woweruza, n'kutiuza kuti tibwere ndi anthu awiri omuimira okhala ndi ziphaso za unzika. Ndalama ya belo ya kukhoti, mosiyana ndi ya pansi pa mtengo ija, imalipiridwa ku ofesi ndipo amakupatsa lisiti. Lisitilo lisungeni ngati chiphaso cha ukwati.

Ndi mtsikana yemweyo amene anandiuza za Mayeso Gwanda, wogulitsa majumbo yemwe anamangidwa mu 2015 m'bandakucha akupita kumsika wa Limbe, pa mlandu wa vakabu. Sanavomere kuti zithe msanga. Anapita nayo nkhaniyo ku Khoti Lalikulu, ndipo mu January 2017 khotilo linagamula kuti ndime ya lamulo yomwe anamumangira ikutsutsana ndi malamulo oyendetsera dziko. Nkhani imeneyi inandilasa, chifukwa msewu umenewo, nthawi imeneyo, ndi momwe ndimayendera inenso. Anandiuzanso kuti mu 2022 Khoti Lalikulu ku Zomba, pamlandu wa anthu omwe anatoledwa usiku ku Kasungu, linanena kuti kusesa anthu mwachisawawa kotere n'kosemphana ndi malamulo. Wapolisi ayenera kukhala ndi chifukwa chomukayikira munthu aliyense payekha. Kukhala mnyamata, wosauka, uli panja usiku, si chifukwa. Ndiye chomwe ndinapempha pamsonkhano paja, n'kuimbiridwa nthungululu, chinali chinthu chomwe khoti linali litaletsa kale.

Mlongo wanga anatuluka pa belo atakhala masabata 9. Mlanduwo unadzatha patapita miyezi ina iwiri: umboni wa jumbo unasokonekera poti apolisi awiri ananena malo osiyana omwe anaitola, ndipo iye anavomera za kampukutu kake. Anamulipiritsa chindapusa cha K40,000. Nditawerengera zonse, dobadoba, katapila, maulendo, chakudya cha kundende, masiku otseka benchi, zinapitirira K500,000. Mpamba wanga unathera pomwepo, ndipo mwana wanga wamkazi anakhala teremu imodzi pakhomo.

Chomwe chimandiwawa ndikakhala pandekha n'chakuti chamba chomwechi Nyumba ya Malamulo inachiloleza mu 2020 kuti chizilimidwa pa ntchito za mankhwala ndi za m'mafakitale, kwa amene ali ndi chiphaso, ndipo chiphasocho mtengo wake unali madola masauzande. Kusuta n'koletsedwabe, zimenezo ndikudziwa. Koma mukumbukira mu 2022 momwe anthu anakwiyira mu Blantyre muno, mnyamata wina atalamulidwa zaka 8 chifukwa cha matumba a chamba, pomwe bwana wa kampani ina yaikulu, yemwe anapezeka akulima kunyumba kwake, anangolipira chindapusa n'kupita kukagona pabedi lake. Khoti Lalikulu linadzatsitsa chilango cha mnyamatayo kufika zaka 3 anthu atachita phokoso. Tsamba ndi limodzi, koma kulemera kwake kumatengera thumba la amene walinyamula.

Mlongo wanga anabwera akutsokomola. Tinkati ndi chimfine cha kundende, mpaka anayamba kutuluka thukuta usiku ndi kuonda. Kuchipatala anapeza TB. Mankhwala ndi aulere, miyezi 6, ndipo tonse a m'nyumba anatiyeza, mwana wanga wamng'ono n'kupatsidwa mankhwala oteteza. Taonani njira yomwe matendawa anayenda: kuchoka pa shamba, kudzera mwa iye, kufika pamphasa ya mwana wa zaka 4 yemwe chamba sachidziwa n'komwe. Kushopu malo ake anali atapatsidwa kwa wina, ndipo bambo wa kumpingo uja anandiuza mosabisa kuti makasitomala sangasiye geti lawo m'manja mwa munthu wochokera kundende. Akamva galimoto ikuima panja usiku ankadzuka n'kukabisala kubafa. Kusuta sanasiye. Anawonjezera, ndipo anabwerako akudziwa mayina a mapiritsi ndi mankhwala a chifuwa oledzeretsa omwe kale sankawadziwa.

Nanga dera lathu linapeza mtendere womwe ndinkaufuna? Kwa masabata awiri kumtsinje kunali zii. Kenako mwini nyumba ya loko uja anabwerako kwa odwala ake, mtengo wa kampukutu unakwera, ndipo anyamata anasamukira kumtunda, m'mitengo ya m'phiri, komwe azimayi amakatola nkhuni. Kumeneko kulibe diso la munthu wamkulu. Pakamlatho anthu akulandidwabe mafoni.

Chomwe chinasintha kwambiri ndi chomwe sindinachiganizire. Anthu anasiya kupita kupolisi. Mayi wina anathyoleredwa nyumba koma anati bola kuluza wailesi kusiyana ndi kuitana anthu omwe adzatenge mwana wake wamwamuna. Mnyamata wina atakomoka ndi mapiritsi osakaniza ndi kachasu, anzake anamusiya pakhonde la sitolo n'kuthawa, poopa kuti akamutengera kuchipatala afunsidwa mafunso. Anamupeza ndi ogulitsa mandasi m'mawa, mwamwayi akupumabe. Achitetezo a m'dera aja, ataona kuti zibonga zawo zadalitsidwa, anayamba kugwira okha anyamata usiku, kuwakwapula, n'kuwauza kuti apereke ya fanta kapena apite nawo kupolisi. Ndipo anthu anayamba kuyang'anana ndi diso la kumbali, kufunafuna amene anapereka mayina. Poti ine ndi amene ndinakweza mawu kwa amfumu, usiku wina mwala unaswa windo langa, lomwe felemu yake anawotcherera ndi mlongo wanga yemweyo. Akulu anati khoswe akakhala pamkhate sapheka. Ife tinaponya mwala, mkhate unasweka, khoswe n'kudumphira padenga.

M'mwezi wa March 2025 ndinamva pawailesi kuti Rodrigo Duterte, yemwe anali mtsogoleri wa dziko la Philippines, wamangidwa n'kutengeredwa ku The Hague kukayankha mlandu kukhoti la milandu ikuluikulu la padziko lonse. Mwana wanga wamkazi anandiwerengera zambiri pafoni. Bamboyu analowa m'boma mu 2016 polonjeza kuthana ndi mankhwala ozunguza bongo, ndipo anthu otopa ngati ine anamuvotera mwaunyinji. Chiwerengero cha boma lenilenilo chimati anthu oposa 6,000 anaphedwa pa zipikisheni za apolisi, pomwe mabungwe a ufulu wa anthu amati ndi ochuluka kuposa pamenepo kangapo, ambiri a iwo amuna osauka a m'makomboni. Mmodzi anali mwana wa sukulu wa zaka 17, Kian delos Santos, yemwe anaphedwa mu August 2017. Apolisi anati anawombera ndi iye poyamba, koma kamera ya m'deralo inaonetsa akumukoka, ndipo mu 2018 apolisi atatu anapezeka olakwa pa mlandu wakupha. Ku Thailand mu 2003 anthu pafupifupi 2,800 anaphedwa m'miyezi itatu pa nkhondo yotereyi, ndipo kafukufuku wa boma lomwelo anadzapeza kuti oposa theka analibe chochita ndi mankhwalawo. Kuno sitinafike pamenepo, Mulungu atithandize. Koma ndikumvetsera, ndinkamva mawu anga omwe aja, akuti onse, asasiye ndi mmodzi yemwe, ndipo nsima inandikanika usiku umenewo.

Chomwe chayamba kumusintha mlongo wanga si chibonga. Namwino yemwe ankamupatsa mankhwala a TB anamufunsa, popanda kukalipa, ngati amasuta kapena kumwa, ndipo iye kwa nthawi yoyamba anayankha zoona. Anatitumiza ku Gulupu, chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth, komwe kuli madokotala a matenda a maganizo. Ine ndinkaganiza kuti kumeneko n'kwa amisala okha ovula zovala; ayi, kumapita anthu ooneka ngati inu ndi ine, ndipo palibe amene anatiitanira apolisi. Anatiuzanso za a St John of God, ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, omwe amathandiza anthu ofuna kusiya mowa ndi mankhwala, ngakhale ife ndalama ya ulendo inatikanika. Malo otere ndi ochepa kwambiri dziko lonse lino, pomwe zitokosi zili paliponse. Amalume anamutenga miyezi itatu kumudzi, kukakonza mipini ndi njinga, kutali ndi anzake. Atabwerako anakhala miyezi iwiri osasuta, anagwa pa Khirisimasi, n'kudzukanso. Ndaphunzira kumufunsa molunjika, "Iwe, wasuta lero?" ndipo iye waphunzira kuti akayankha zoona sindimuthamangitsa. Pano amawotcherera pakhonde pathu ndi makina obwereka, magetsi akakhalapo.

Za kumenyedwa kuja sitinakadandaule. Lilipo bungwe la Independent Complaints Commission, lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la apolisi la 2010 kuti lizimva madandaulo a anthu pa apolisi, iliponso Malawi Human Rights Commission. Mtsikana uja anatilimbikitsa, koma tinalibe lipoti la dokotala, mabala anali atapola, ndipo mwini wake anati safuna kuonanso nkhope zimene zija. Sindinamukakamize. Komabe zimandidya, chifukwa phazi lake lakumanzere limatupabe kukazizira, ndipo amene anamumenyayo mwina Lachisanu likubwerali akamenya mwana wa wina.

Mwezi wathawu amfumu anaitanitsanso msonkhano, poti sitolo ziwiri zathyoledwa. Bambo wina anaimirira n'kunena kuti apolisi abwerenso ngati ulendo uja, ndipo anthu anawomba m'manja. Ndinakweza dzanja. Miyendo inkanjenjemera kuposa tsiku loyamba lija. Ndinati apolisi abwere ndithu, koma abwere ndi dzina la munthu ndi chikalata cha khoti, apite kunyumba yomwe tonse tikuidziwa. Kuti achitetezo a m'dera asiye zibonga ndi ya fanta. Kuti tipemphe babu pakamlatho. Ndipo kuti mayi aliyense pano yemwe mwana wake amasuta abwere kwathu ndimuuze khomo lolowera ku Gulupu. Nthungululu panalibe. Wina kumbuyo anati, "Akuyankhula chonchi poti wawo ndi wachamba." Ndinatembenuka n'kunena kuti eya, ndi wachamba, ndi wanga, ndipo anali wachamba tsiku lija munkandiimbira nthungululu.

Amfumu anati nkhaniyo aiona. Babu mpaka lero kulibe. Koma Lachitatu lapitali, kutangoda, kunabwera kugogoda pachitseko, ndipo mlongo wanga anayang'ana kubafa. Anali mayi wina wa kutsidya kwa mtsinje, mmodzi mwa omwe anawomba m'manja. Anakana mpando, anakana tiyi, anaima pakhomo akupotokola nsonga ya chitenje, n'kufunsa motsitsa mawu kuti ku Gulupu kuja amayamba kuona anthu nthawi yanji.